Ndinaima Kutsogolo kwa Galimoto ya Ukwati

1

Kwathu amanditchula kuti Maloto. Si dzina langa lenileni, koma ndi lomwe ndimayankha, chifukwa amayi amati ndimayenda miyendo ili pamsewu, mutu uli kumitambo. Nditalemba mayeso omaliza a sekondale ndinkathandiza achemwali anga pa kashopu kawo ka maluwa. Anzanga ankadikira zotsatira za mayeso. Ine ndinkadikira chikondi, ndipo ndinkaona kuti chikuchedwa.

Masana ena ndinkawoloka msewu nditakumbatira dengu la maluwa londitchinga kumaso. Sindinayang'ane uku ndi uku. Ndinangotchera khutu, ndipo nditamva kuti kuli zii, ndinalowa mumsewu. Kenako matayala analira kwiii! Chitsulo chinakhudza siketi yanga, maluwa onse mbwee pa phula.

M'galimoto yoyera munatuluka mnyamata wamtali wovala malaya oyera, wokhala ndi mpata pakati pa mano.

"Achemwa," anatero akupumira m'mwamba, "mwaganiza zofa lero, mpaka mwanyamuliratu maluwa a pamanda?"

"Galimoto yanu siilira bwanji?" ndinamukalipira.

"Ndi yamagetsi. Ilibe injini yoti ilire."

"Nanga mwaima bwanji msangamsanga chonchi?"

Anagwada n'kuyamba kutola maluwa. Kenako anamwetulira.

"Si ine ayi. Imaima yokha. Ikaona munthu kutsogolo imadzipondera buleki." Anandipatsa duwa limodzi lofiira. "Makamaka munthuyo akakhala wokongola."

Ndinali nditamvapo pa wailesi kuti galimoto zina zatsopano zimaterodi. Sindinakayikire. Ndinafika kushopu ndi maluwa ophwanyika, achemwali anandizazira mpaka mawu kusasa, ine ndikungomwetulira ngati wolodzedwa.

2

Mnyamata uja ankagwira ntchito pa kampani yobwereketsa galimoto za maukwati ndi za alendo. Anzake ankamutchula kuti Kachete, chifukwa galimoto yake inkangotulukira pambali pa munthu ngati mphaka. Tinkakumana akaweruka, kuseri kwa ofesi yawo, pabwalo pomwe galimoto zinkatchajidwa, zingwe zakuda zikulendewera pakhoma.

"Undionetsenso," ndinamuuza tsiku lina.

"Chiyani?"

"Kuima kuja. Ndiime apa, iwe ubwere nayo."

"Wapenga? Moyo si masewera."

"Ngati imaima yokha ukuopa chiyani? Kapena unandinamiza?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukanda m'mutu. Akanayankha funso limenelo tsiku lomwelo, nkhaniyi simukanaiwerenga. Koma ine ndinali nditapinda kale milomo, ndipo Kachete sankapirira kundiona nditakwiya.

Ndinaima pa mzere wachikasu wojambulidwa pa simenti, n'kutseka maso. Sindinamve injini. Ndinangomva timchenga tikuphwanyika pansi pa matayala, pafupi, pafupi, pafupi kwambiri, kenako zii. Nditatsegula maso, bampala inali pafupi kukhudza mawondo anga.

Ndinakuwa ndi chimwemwe. Iye anatuluka malaya atanyowa kumsana.

"Thukuta lonseli la chiyani, poti wagwira ntchito ndi galimoto?"

"Ndi chikondi," anatero, osaseka. "Koma n'komaliza kumeneku."

Sikunali komaliza. Ndinkamukakamiza pafupifupi nthawi iliyonse tikakumana. Ena amapatsidwa mphete, ena ndakatulo. Ine ndinali ndi galimoto yomwe inkakana kundipweteka, ndipo ndinkaona ngati dziko lonse, ngakhale zitsulo, likuvomereza chikondi chathu.

"Undilonjeze chinthu chimodzi," anandigwira mapewa tsiku lina. "Usadzayesere zimenezi wina akuyendetsa."

"Bwanji? Si galimoto imene imaona?"

"Inazolowera ine."

Ndinaseka, n'kumuuza kuti nsanje yake yafika mpaka pa chiwongolero.

Chomwe chinkandinyansa chinali chimodzi. Kachete sankafuna kuti anthu adziwe za ife. Ankati ndidikire zotsatira za mayeso, nayenso akhazikike kaye pantchito, kenako adzabwere kwathu mwaulemu. Kudikira! Mawu amenewo ankandiyabwa thupi lonse.

3

Ukwati wa achemwali unayandikira, ndipo m'nyumba mwathu munabuka vuto. Amayi anakana kukwera galimoto ya akwati.

Bambo athu anamwalira ndili wamng'ono. Anagundidwa ndi lole akuwoloka msewu, amayi akuona. Kuyambira pamenepo amayi ankayenda wapansi kulikonse komwe miyendo ingafike, ndipo akakakamizika kukwera basi ankatseka maso njira yonse.

"Ndikapezeka kuholoko," anatero akusita nsalu za pa matebulo. "Miyendo ndili nayo."

"Amayi, mayi wa mkwatibwi afike fumbi lili m'miyendo?" achemwali anali pafupi kulira. "Bambo kulibe. Ndimafuna mukhale pambuyo panga."

"Sindikwera chinthu chomwe chingaphe mwana wa munthu ine ndili momwemo."

Apa ndi pomwe ndinatsegula pakamwa panga.

"Ilipo galimoto yomwe singagunde munthu. Yamagetsi. Ili ndi diso, ikaona munthu imaima yokha, ngakhale dalaivala atagona."

Amayi anaimika simbi. "Chitsulo chili ndi diso?"

"Ndinaona ndi maso angawa."

"Unaonera kuti?" achemwali anandiyang'ana cham'mbali.

"Pamsewu," ndinayankha msanga. Silinali bodza lenileni.

Amayi anakhala pampando pang'onopang'ono. Anayang'ana chithunzi cha bambo pakhoma.

"Zikanakhalako nthawi ija," anatero chapansipansi. Sanamalize. Patapita kanthawi anati, "Ngati ndi imeneyo, ndikwera."

Ndinathamangira kwa Kachete ndi nkhani yabwinoyi. Ndinkayembekezera kuti andinyamula m'mwamba. M'malo mwake nkhope yake inagwa.

"Wawauza amayi ako kuti imaima yokha?"

"Eya! Ndipo uyendetsa ndi iwe. Akuona, akukonda, basi."

"Maloto, khala pansi. Pali zomwe ndiyenera kukuuza."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Mnzanga wa kusukulu anauzidwa chimodzimodzi, mawa lake chibwenzi chinatha. Ndinaganiza kuti ali ndi mkazi wina, mwina ndi mwana yemwe. Ndinamutseka pakamwa ndi chikhatho.

"Sindikufuna kumva. Ngati n'zoipa, udzandiuze ukwati ukatha. Usandiwonongere sabata ino."

"Si zimene ukuganiza..."

"Ukangoyankhula, sudzandionanso."

Anakhala chete, mogwirizana ndi dzina lake.

4

Mantha amabala nzeru zopusa. Ndinaganiza kuti ngati Kachete akufuna kundithawa, ndimutsekere njira pamaso pa anthu.

Ndinapita kwa alamu anga, mkwati mwiniwake. Ndi munthu wansangala, wogulitsa mankhwala m'famase, wokonda kuseketsa anthu. Laisensi yoyendetsera galimoto anali atangoitenga kumene, ndipo ankaionetsa kwa aliyense ngati mwana wakhanda.

"Alamu, mukufuna ukwati wanu anthu asadzauiwale?"

"Mkazi wanga wamng'ono, nena. Bola zisakhale zondivinitsa, mawondo anga ndi a boma."

Ndinawafotokozera. Pageti la holo apemphe kiyi kwa dalaivala, alowetse okha mkwatibwi wawo. Ine nditulukire kutsogolo ndi maluwa. Iwo asaponde buleki. Galimoto iima yokha, anthu akuwa, amayi aona ndi maso awo kuti dziko linasintha.

"Ukunena zoona kuti imaima?"

"Ndaimapo kutsogolo kwake kambirimbiri. Ndili ndi bala?"

Alamu anawomba m'manja. "Koma mwana iwe! Achemwali ako tisawauze, angatiletse."

Gawo lomaliza sindinawauze. Galimoto ikaima, ndinkafuna kupita kwa Kachete, kumugwira dzanja pamaso pa abale onse, n'kunena kuti, "Amayi, amene anandionetsa zodabwitsazi ndi uyu." Ndinali nditaziyeserera pagalasi, mpaka kamwetulidwe komwe.

M'mawa wa ukwati ndinapita kukakongoletsa galimoto. Ndinali nditaluka mtima waukulu wa maluwa oyera ndi ofiira woika kutsogolo.

"Diso lake lili pati, kuti ndisaliphimbe?" ndinamufunsa Kachete.

Ankapukuta galasi lomwe linali loyera kale. Sanatembenuke.

"Ika paliponse."

"Paliponse? Liona bwanji?"

"Maloto, ika paliponse. Ndiyendetsa ndine."

Ndinamangirira mtimawo pakati penipeni, ndikudziuza kuti diso loona kudutsa m'maluwa ndi lamphamvu zedi.

5

Kutchalitchi zonse zinayenda bwino. Amayi analowa m'galimoto atagwira chitseko ndi manja awiri, koma sanatseke maso. Ine ndinatsogola pa basi ya operekeza, ndipo ndinakabisala kuseri kwa chipilala cha khonde la holo, maluwa ali m'manja.

Kuchokera pageti kufika pakhondepo njira ndi yotsetsereka pang'ono, ya simenti yosalala. Alendo anaima mbali zonse ziwiri. Galimoto yoyera inafika pageti n'kuima. Ndinaona alamu akutuluka, akutambasula dzanja. Kachete anapukusa mutu.

"Malamulo a kampani salola, bwana."

"Aaa, achimwene, kuchoka apa kufika apo pokha? Mkazi wanga ndimulowetse ndekha!"

Anyamata operekeza anayamba kuimba, "Apatseni! Apatseni!" Achemwali, osadziwa kanthu, anasuzumira pawindo akuseka, n'kumupempha nawo. Kachete anayang'ana njira. Inali yopanda munthu. Anatuluka, n'kuwerama kuwalozera alamu pansi.

"Buleki ndi iyi. Phazi lisachokepo. Pang'onopang'ono, ine ndiyenda pambali panu."

Achemwali anasamukira kutsogolo, amayi anatsala kumbuyo. Galimoto inayamba kutsetsereka mwakachetechete, nthungululu zili pakamwa pa azimayi onse.

Ndinatuluka kuseri kwa chipilala. Ndinaima pakati pa njira, ndinakweza maluwa, n'kutseka maso.

Nthungululu zinaduka. Wina anaseka. Kenako ndinamva mawu a Kachete, mawu omwe ndinali ndisanawamvepo.

"Buleki! Pondani buleki!"

"Osadandaula, achimwene!" alamu anakuwa mokondwa. "Imaima yokha!"

"Siimaima! Ilibe zimenezo! Maloto, choka!"

Ndinatsegula maso. Mtima wa maluwa uja unkabwera, ukukula. Alamu anali atakweza manja onse m'mwamba, kumwetulira kukuuma pankhope pawo. Pakati pa mipando ndinaona nkhope ya amayi, pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. Ndinauza miyendo yanga kuti ithawe. Inakana.

Alamu anaponda. Koma ndi mantha anaponda moto m'malo mwa buleki, ndipo galimoto inadumpha ngati yalumidwa.

Chinachake chinandigunda m'nthiti kuchokera kumbali, ndinauluka n'kugwera m'miyendo ya alendo. Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso lofewa, lonyansa, kenako chitsulo chikuphwanyika pa chipilala.

Nditadzuka ndinaona Kachete ali gone pa simenti, mwendo wake wamanja utapindika pomwe mwendo supindika. Ndinakwawa, ndinamukumbatira mutu, ndikukuwa zonse zomwe ndinkabisa.

"Wachikondi wanga! Usandisiye! Ndimakukonda, usafe!"

Ndinkafuna kuti abale onse adziwe. Anadziwadi.

6

Phwando silinachitike. Keke inakhala patebulo osadulidwa, ife tili pabenchi m'khonde la chipatala. Alamu anakhala atagwira mutu, wapolisi akuwafunsa mafunso. Amayi anali ndi bala pamlomo pomwe anamenyetsa pampando, ndipo chiyambire pageti paja anali asanayankhule.

Achemwali anaima patsogolo panga, diresi loyera litada m'munsi.

"Ndinakulera ine," anatero motsitsa mawu, ndipo kutsitsako kunkawawa kuposa kukuwa. "Tsiku limodzi lokha ndinapempha kuti likhale langa. Iwe unaona bwalo la sewero lako. Mwamuna wanga akanakhala wakupha munthu pa tsiku la ukwati wake. Wakupha mng'ono wanga! Ukumva?"

Atatero anatembenuka n'kukakhala pafupi ndi alamu.

Dzuwa litapendeka namwino anatilola kulowa. Kachete anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuntchafu. Ndinaima kumiyendo kwa bedi.

"Unati ilibe zimenezo," ndinatero. "Zinawonongeka? Ndi maluwa anga aja anaphimba diso?"

"Ilibe diso, Maloto. Sinakhalepo nalo." Ankayang'ana kudenga. "Galimoto za mtundu umenewu zimabwera ziwiri. Kunja n'zofanana. Yodula ili ndi buleki yodziponda yokha, inayo ilibe. Kampani yathu inagula yopanda."

"Nanga pabwalo paja? Nthawi zonse zija?"

"Linali phazi langa."



"Tsiku loyamba lija ndinkangocheza," anapitiriza. "Unali ukunjenjemera, ndinafuna useke. Koma unazikonda kwambiri. Unkandiyang'ana ngati ndabwera ndi zakumwamba. Ndinaopa kuti ukadziwa kuti ndine dalaivala wamba woponda buleki ngati wina aliyense, uchoka. Ndipo ngakhale ija ili ndi diso, Maloto, amatiuza kuti si yoyesera dala. Imathandiza dalaivala akachedwa, koma nthawi zina siiona, nthawi zina siikwanitsa kuima. Palibe galimoto yoti munthu aziima kutsogolo kwake."

"Ndiye unkafuna kundiuza zimenezi tsiku lija?"

"Unanditseka pakamwa."

"Ukanandiluma dzanja!" ndinakuwa, misozi ili chuchuchu. "Ukanakuwa!"

"Ndikanatero," anavomera. "Ndinachita mantha."

Sitinadziwe kuti amayi aima pakhomo. Analowa pang'onopang'ono, kachikwama kali kukhwapa.

"Achimwene," anatero, "ndimve bwino. Inu mumayendetsa galimoto kulunjika mwana wanga, iye atatseka maso?"

"Eya, mayi."

"Kangati?"

"Kambiri, mayi."

"Ndipo munadziwa kuti ndakwera galimoto ija chifukwa cha bodza lanu?"

"Ndinadziwa."

"Ndipo lero mwadziponya pansi pa matayala kuti iye akhale moyo."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Njira yonse ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikuthokozeni kapena ndikutukwaneni. Ndaona kuti ndichita zonse ziwiri. Zikomo chifukwa cha mwana wanga. Ndipo ndinu chitsiru."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo ako galimoto inawapeza akuthawa. Iwe unakaiimirira dala, ine ndili momwemo, ndikuona. Ndinaonera kamodzi, Maloto. Unafuna ndionerenso kachiwiri?"

Akanandimenya mbama zikanakhala bwino.

7

Pamene ndikulemba izi chikhakha cha Kachete sichinachotsedwe. Ntchito yake inatha, chifukwa anapereka kiyi kwa munthu wosaloledwa. Adokotala akuti ayenda, koma sakulonjeza kuti phazi lamanjalo lidzapondanso buleki msanga ngati kale. Alamu sanagwirenso chiwongolero, ndipo sanditchulanso mkazi wawo wamng'ono. Achemwali amandiyankha moni, basi. Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza, koma m'nyumba mwathu palibe anaimba nthungululu.

Mwina mukufunsa ngati Kachete ndimamukondabe. Ndimamukonda, ndipo ndimamukwiyira, ndipo sindikudziwa kuti chidzapambane n'chiti. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindikufulumira kudziwa.

Tsiku lina anandifunsa kuti, "Ukanadziwa kuti ndi phazi langa, ukanandikondabe?"

Ndinaganiza za malaya ake onyowa kumsana. Ine ndinkaombera m'manja chitsulo, pamene munthu ankatuluka thukuta kuti ndisafe.

"Ndikanakukonda," ndinamuuza. "Koma sindikanaima pamzere paja."

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mtima umathamanga kuposa miyendo: wokondedwa wanu akadzati, "Khala pansi, pali zomwe ndiyenera kukuuza," khalani pansi. Ine ndinaopa kumva za mkazi wina yemwe kunalibe, ndipo ndinatseka pakamwa pomwe pakanapulumutsa mwendo wa munthu, ukwati wa achemwali anga ndi mtima wa amayi. Ndipo wina akadzakuuzani kuti chinthu chimadziteteza chokha, funsani kuti ndi chiti, chili pati, anakuuzani ndani. Bodza la Kachete linali laling'ono pomwe linkatuluka pakamwa pake. Ndinalikulitsa ndine, polinyamula kupita nalo kwa amayi ndi kwa alamu ngati mphatso.

Amayi anabwerera ku miyendo yawo. Amandilola kukamuona Kachete, koma amandiperekeza okha, wapansi, ndipo amakhala pampando wa pakhomo mpaka titamaliza kucheza.

Dzulo tikupita kumeneko tinafika pamalo owolokera msewu. Galimoto ina yamagetsi, yatsopano, yonyezimira, inabwera mwakachetechete n'kuima bwinobwino kutsogolo kwa mizere. Ine ndinaponya phazi. Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu, ngati mwana wa kumkaka.

"Yaima, amayi."

"Ndaona," anatero, maso ali pagalasi lakutsogolo. "Dikira. Tione kaye nkhope ya munthuyo."

Dalaivala anatikodola ndi dzanja kuti tidutse. Pamenepo m'pamene tinawoloka, maso anga ali otsegula.